Njinga yamoto siifa ndi ukalamba

Ntchito yanga ku bungwe limene ndimagwirako ndi yofalitsa nkhani. Kukakhala mwambo wopereka katundu kwa alangizi kapena kwa anthu ongodzipereka a m'midzi, ine ndimakhala kutsogolo ndi kamera. Pa zaka zimene ndakhala pa ntchitoyi ndajambula njinga zamoto zambirimbiri zitandandalikidwa pamzere, zikunyezimira, mlendo wolemekezeka akupereka makiyi, amayi akululutira. Zithunzi zotere zimakongoletsa malipoti a pachaka. Koma lero ndiulule kwa inu owerenga gawo lino kuti pali chithunzi china chimene sindinajambulepo. Ndi cha kuseri kwa ofesi, kumene njinga zomwezo zimakathera pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, matayala ataphwa, udzu utamera m'masipoko, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwa injini.

Aliyense amene anagwirapo ntchito ya chitukuko kumudzi akuwadziwa manda amenewa. Timawadutsa tsiku ndi tsiku mpaka tinaleka kuwaona. Amene ananditsekula maso ine ndi bambo wina wachikulire wa ku Chirinda, amene amakonza ndi kupanga tinjinga tamoto popanda womulipira, chifukwa chongoikonda ntchitoyo.

Mlangizi woyenda pansi

Kwa inu amene simunafikeko, Chirinda ndi nkhalango ya pa phiri la Mount Selinda, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni ya Chipinge, kufupi ndi malire a Zimbabwe ndi Mozambique. M'katimo muli mtengo wamphamvu wa m'bawa wotchuka ndi dzina loti Big Tree. Pa Chindau, mawu oti Chirinda amanena za malo oonerapo patali, ndipo khutu la Mchewa silichedwa kumvamo chilindo chimene timamanga m'munda polondera anyani. Derali ndi la tiyi. Mbewuyi inayamba kudzalidwa ku Chipinge mu 1924 pa munda wa New Year's Gift, ndipo pakati pa anthu amene anaithyola m'minda ngati Jersey, Zona ndi Ratelshoek munali ochuluka ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. N'chifukwa chake mpaka lero Chichewa chimamveka m'makomboni a kumeneko.

Ulangizi wa zaulimi uli ndi mizu yake pa phiri lomweli. Emory Alvord anafika pa mishoni ya Mount Selinda mu 1919 kudzaphunzitsa ulimi, ndipo mu 1926 boma la nthawi imeneyo linamulemba ntchito yophunzitsa alangizi oonetsa alimi malimidwe m'minda mwawo. Kuyambira nthawi imeneyo, mlangizi amayamba kupindulitsa mlimi pokhapokha wafika pamunda.

Ine ndinapita kumeneko kukalemba nkhani ya mayi wina wa m'bungwe lathu amene amayang'anira magulu 12 a alimi. Ndinamupeza akuyenda pansi, chikwama kumsana. Njinga yamoto imene tinamupatsa, imene ine ndemwe ndinaijambula tsiku loperekalo, inali itaima m'kachipinda kosungira chimanga kwa miyezi 8. Inayamba ndi kutsokomola, kenaka kuzimazima pokwera chitunda, mpaka tsiku lina inakana kulira. Iye analemba kalata ku ofesi monga mwa ndondomeko. Koma malamulo athu amati katundu wa bungwe akonzedwe ku galaja yovomerezeka, ndipo galajayo ili ku Mutare, ulendo wa makilomita pafupifupi 200. Pamafunika galimoto yonyamula njingayo, mitengo ya magalaja atatu yoyerekezera, ndi siginecha za anthu angapo. Zonsezi zisanatheke, ndalama za pulojekiti imene inagula njingayo zinali zitatha.

M'miyezi 8 imeneyo mayiyu ankafikira magulu anayi okha a pafupi. Gulu lina la kufupi ndi malire linazindikira mochedwa kuti ntchemberezandonda zalowa m'chimanga, mbozi zitabisala kale m'mitima ya mbewu. Iye akudziwa bwino kuphunzitsa alimi kuyendera munda chimanga chikadali chaching'ono n'kuona mazira ndi masamba obooka. Nzeruzo zinali m'mutu mwake, koma miyendo inalephera kuzifikitsa. Mabanja aja anakolola theka la zimene amayembekezera.

Ndinamufunsa ngati m'deralo mulibe wodziwa za njinga. Anayankha kuti alipo bambo wina wachikulire, koma amaopa kukamupatsa katundu wa bungwe. Ndinaimbira foni abwana athu, ndipo atanyinyirika pang'ono anavomera. Tinaikankha njingayo mpaka kunyumba kwa bambowo.

Pansi pa mtengo wa mapeyala

Bambo awo a mkuluyu anachokera ku Mulanje m'nthawi ya Chitaganya, atadziwa kale ntchito ya tiyi. Iwo anabadwira m'komboni, nakula akupatsira masipanala amakaniko a pa galaja ya esiteti ina mpaka anapuma pa ntchito. Chichewa chawo chasakanikirana ndi Chindau, koma miyambi akuikumbuka yonse. Pansi pa mtengo wa mapeyala pakhomo pawo pali thebulo la matabwa, zitini za mabawuti zosanjidwa malinga ndi kukula kwake, ndi tinjinga tiwiri timene ndi chuma chawo.

Koyamba ndi ka Honda Monkey, kanjinga kofika m'mawondo mwa munthu wamkulu. Anakatola pa dzala la zitsulo pa famu ina, kali dzimbiri lokhalokha, injini itagwirana. Kanawatengera zaka zitatu. Pisitoni anainyika m'dizilo milungu ingapo mpaka inamasuka. Thanki anaitsuka poikamo timiyala ndi kuikhutchumula madzulo aliwonse. Chishalo anasoka ndi mayi a kunyumba. Zitsulo zina anawatumizira mdzukulu wawo wa ku Johannesburg, chimodzichimodzi, ndalama zikapezeka. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi amakazungulitsa pa bwalo la mpira, mawondo ali m'makutu, ana akuthamangira pambuyo. Anzawo amawaseka kuti munthu wa imvi akuseweretsa chidole, koma iwo amangoseka nawo.

Kachiwiri anapanga okha pamodzi ndi adzukulu. Injini ndi ya pampu yothirira m'dimba, thupi lake ndi mapaipi owotcherera, matayala ndi a wilibala. Sikathamanga kwambiri, ndipo pamsewu sikaloledwa kupondapo. Anandiuza kuti anakapanga pofuna kuti adzukuluwo aone ndi maso awo mmene moto wa m'injini umasandukira liwiro la tayala.

Mkuluyu sali yekha pa chikondi chimenechi. Ku America, m'zaka za m'ma 1950, anthu anayamba kupanga tinjinga totere kuseri kwa nyumba zawo pogwiritsa ntchito injini za makina otchetchera kapinga, ndipo pofika m'ma 1960 makampani ngati Rupp anali kutigulitsa tambirimbiri. Ku Japan, kampani ya Honda inapanga kanjinga kake kakang'ono mu 1961 kuti alendo azikwera pa malo a masewera otchedwa Tama Tech. Akuti dzina loti Monkey linabwera chifukwa wokwerapo amanyonyomala ngati pusi. Mtundu wa injini ya 50cc unaleka kupangidwa mu 2017, koma m'maiko ambiri muli magulu a anthu amene amasakasaka takale n'kutidzutsa. Kumeneko ndi chisangalalo cha Loweruka masana. Kuno kwathu, munthu wa luso lotere angathe kupulumutsa munda.

Matenda anayi, masana amodzi

Mkuluyu sanathamangire sipanala. Anayamba waizungulira njingayo, natsekula thanki, nanunkhiza. Kenaka anati: "Mwananga, njinga iyi siinafe ayi, yangokwiya. Njinga yamoto siifa ndi ukalamba. Imafa ikasowa mwini."

Anapeza matenda anayi. Sefa ya mpweya inali itatsekeka ndi fumbi lofiira, kotero injini imamwa petulo wambiri ndi mpweya wochepa. Kutsokomola kuja kunayambira pamenepo. Chifukwa cha vuto lomwelo pulagi inali itada bii ndi mwaye. Petulo amene anatsala mu kabuleta kwa miyezi 8 anali atauma n'kusanduka phula lotseka timabowo todutsa mafuta. Tcheni chinali cholendewera ndiponso chouma gwa. Sefa, poti ndi ya siponji, anaichapa m'palafini, naiyanika, naipaka oyilo pang'ono. Kabuleta anaimasula ndi kuitsuka kachidutswa ndi kachidutswa, akuyala zonse pa nsalu yoyera motsatana kuti asasokoneze pobwezera. Tinagula pulagi imodzi, lita imodzi ya oyilo ndi petulo watsopano. Dzuwa lisanalowe njinga inalira. Ndalama zimene tinaononga sizikanakwana ngakhale mafuta a galimoto yopita nayo ku Mutare.

Nkhani ya petulo ndi yofunika kuimvetsa, maka kwa inu a m'madera a chinyezi. Kuyambira 2013 petulo wa m'Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo fakitale yaikulu ya mafutawa ili ku Chisumbanje, m'boma lomweli la Chipinge. Ku Malawi nakonso kusakaniza kotere kunayamba kale, mu 1982. Mafutawa ndi abwinobwino njinga ikamayenda. Vuto limadza ikaima nthawi yaitali, pakuti ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Ku Chirinda, kumene kumagwa nkhungu ndi mvula yamawawa imene eni dera amati guti, ife tikuti chiperoni, madziwo amadikha pansi pa thanki ndi kuyambitsa dzimbiri. Choncho ngati njinga iima kupitirira mwezi, tsekani kampopi ka petulo, ilizeni mpaka izime yokha kuti mu kabuleta musatsale kanthu. Koma chabwino koposa ndi kuiyendetsa sabata iliyonse.

Ena anaona kale zimenezi

Zimene mkulu wa ku Chirinda anaphunzira pansi pa mtengo, ena anaziphunzira kutali. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto wa ku America, Randy Mamola, ndi mtolankhani wa ku Britain, Barry Coleman, anayendera ntchito za umoyo ku Somalia. Anapeza njinga zamoto za azaumoyo zitatayidwa zikadali zatsopano, chifukwa chosowa chisamaliro ndi tizitsulo totsika mtengo. Pamodzi ndi Andrea Coleman, amenenso anachitapo mipikisano ya njinga, anayambitsa bungwe la Riders for Health. Bungweli linayamba ntchito m'Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2002 linatsekula sukulu ya kasamalidwe ka njinga ndi galimoto ku Harare. Taonani kuti amene anaona vutoli anali anthu okonda njinga. Akatswiri a mapulani a chitukuko anali atadutsa pa manda omwewo kambirimbiri.

Mfundo ya bungweli inali yakuti njinga isamayembekezere kufa kuti ione makaniko. Makaniko ndiye azipita kumene kuli njinga pa nthawi yoikika, n'kusintha chitsulo chisanathyoke. Wokwera naye ankaphunzitsidwa kuyendera njinga yake m'mawa uliwonse poona zinthu zisanu, zimene pa Chingerezi anazifupikitsa kuti PLANS. Pa Chichewa tingaziike motere. Choyamba, petulo: alimo wokwanira ulendo wonse, ndipo sakudontha? Chachiwiri, oyilo wa mu injini ndi mafuta a pa tcheni. Chachitatu, kukunga zimene zakhwepa, monga tcheni ndi nthambo za kilatchi. Tcheni chizisewera pang'ono pokha, ngati masentimita awiri kapena atatu. Chachinayi, mabawuti ndi manati, popeza msewu wa mabampu umawamasula tsiku lililonse. Chachisanu, mabuleki ndi matayala. Zonsezi sizitha mphindi 10.

Nawonso opanga njinga akudziwa kumene imfa yake imachokera. Mu 1974 akatswiri a Honda anayendera maiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, napeza kuti anthu amayendetsa njinga mpaka oyilo kusanduka phala, osasintha. Atabwerera anapanga CG125, imene inatuluka mu 1975, ya injini yopirira ndi sefa yochapa. Njinga zambiri zotsika mtengo za ku China zimene zadzaza m'misewu yathu zinatengera injini yomweyo. Koma kupirira kuli ndi malire. Injini yaing'ono imasunga oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oyilo yemweyo ndiye amafewetsa magiya ndi kilatchi. Pa misewu yafumbi ndi zitunda, kusintha oyilo pa makilomita 1,000 alionse n'kotsika mtengo kuposa kugula pisitoni.

Chenjezo lisasowe

Wina anganene kuti: kodi tiyambe kupereka katundu wa bungwe kwa aliyense wogwira sipanala? Funso limeneli ndi la nzeru. Alipo ena amene akamasula injini amabweza zitsulo zina m'thumba. Aliponso amene amapaka penti yonyezimira pa njinga yowola, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Malamulo a kagulidwe ka zinthu anaikidwa poteteza ndalama za anthu, ndipo sindikuti tiwataye. Ndikuti lamulo limene limasunga njinga m'chipinda kwa miyezi 8, mbozi zikudya chimanga, lasiya kuteteza chimene linaikidwira.

Chenjezo lina ndi la moyo. Kanjinga kakang'ono kamaoneka ngati chidole, koma kamathyola mwendo ngati njinga ina iliyonse. Mkulu wa ku Chirinda salola mdzukulu kukwera popanda helemeti, nsapato zotseka ndi munthu wamkulu pafupi, ndipo chinthu choyamba chimene anaika pa kanjinga kopanga okha kaja ndi buleki. Njinga yopanga nokha ikhale ya pabwalo. Ya pamsewu imafuna kulembetsa, layisensi ndi helemeti monga mwa lamulo. Kafukufuku wa bungwe la Cochrane wa mu 2008 anasonyeza kuti helemeti imachepetsa imfa pa ngozi ndi 42 pa 100 alionse, ndipo kuvulala m'mutu ndi 69 pa 100 alionse. Helemeti yopachika pa chiwongolero siiteteza munthu.

Tichitepo chiyani?

Nkhaniyi si ya ku Chipinge kokha. Ndinaiona ku Honde Valley, kumpoto kwa Mutare, kumene kuli minda ya tiyi ya Eastern Highlands ndi Aberfoyle, ndiponso alimi ang'onoang'ono a tiyi ndi nthochi. Timisewu ta kumeneko timakwera ndi kutsika mapiri, motero mabuleki ndi matcheni satha nthawi. Pa msika wa Hauna ndinapeza anyamata atazinga injini yomasula, akutsutsana za chimene chaonongeka, nkhope zili ndi chimwemwe chomwe chija ndinachiona ku Chirinda. Kuyambira 2020 boma la Zimbabwe lagawira alangizi a zaulimi njinga zamoto zikwi zingapo, ndipo ku Malawi akabaza a njinga zamoto afika m'misika ya kumidzi. Njinga zachuluka kuposa kale, ndiye osamalira ayenera kuchuluka nawo. Tisaiwalenso zimene namondwe wa Idai anatiphunzitsa mu Malichi 2019, pamene misewu ndi milatho ya ku Chimanimani ndi Chipinge inaduka usiku umodzi. Pamene galimoto yalephera, njinga yamoto anthu anayi amatha kuinyamula n'kuiolotsa, koma ikhale yoti ikafika tsidya ilira.

Kwa anzanga a m'mabungwe ndi m'maofesi a boma, pempho langa ndi ili. Tisanagule njinga, tiyambe tawerengera ndalama za oyilo, matayala, tcheni ndi mabuleki za zaka zonse zimene tikufuna kuti igwire ntchito. Walira mvula walira matope. Njinga iliyonse ikhale ndi wokwera mmodzi wodziwika, wophunzitsidwa, wokhala ndi kabuku kolembamo makilomita ndi tsiku losintha oyilo, chifukwa njinga ya aliyense imasanduka "ya boma", yopanda woilirira. Tifufuze m'dera lililonse anthu okonda ntchitoyi, tiwayese luso, tiwaonjezere maphunziro, tichite nawo mgwirizano wolembedwa kuti matenda ang'onoang'ono azithera pomwepo, akuluakulu okha ndiwo azipita ku tauni. Ndipo njinga zimene zinaferatu, m'malo moti ziwolere kuseri kwa ofesi podikira chilolezo chozitaya, tizipereke mwa ndondomeko ku magulu a achinyamata kuti aziphunzirirapo. Atsikana asatsale, pakuti alangizi ambiri amene akuyenda pansi lero ndi amayi.

Kwa inu alimi ndi atsogoleri a m'midzi, mukaona mlangizi wanu wasiya kubwera, funsani za njinga yake. Nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ngati mmene mumakambira za mjigo wofa. Mwana wanu akamakonda kumasula mawailesi ndi mapampu, musafulumire kumukalipira kuti ndi woononga. M'perekezeni kwa mmisiri wodalirika akaphunzire kubwezera chimene wamasula.

Tisanachoke pakhomo paja, ndinafunsa mkuluyu kuti tilipire zingati. Anakana. Anangopempha mayi uja kuti Loweruka loyamba la mwezi uliwonse azibwera ndi njingayo, azidzaimasula yekha iwo akuyang'ana. "Ine ndakalamba, amayi," anatero. "Manja anuwo ndiwo aphunzire." Ku ofesi nkhani yosintha lamulo lija tikukambiranabe, ndipo sindikulonjeza kuti itha msanga. Koma mayi uja tsopano akufika ku magulu onse 12. Ulendo wotsatira ndinamupeza atagwada pansi pa mtengo wa mapeyala, manja ali bii ndi girisi, akukunga tcheni, mkulu uja atakhala pa mpando akuloza ndi ndodo. Chithunzi chimenecho ndinajambula, ndipo ndapempha kuti chikhale pa chikuto cha lipoti la chaka chino. Tionana m'kope lotsatira.